Khomo loyamba si Zomba: komwe wovutika maganizo angapeze thandizo

Msuweni wanga ndi telala. Makina ake amakhala pakhonde la golosale ina pamsika wa kwathu, ndipo sukulu zikamayandikira kutsegulira amachezera kusoka mayunifolomu. N'chifukwa chake atayamba kusagona palibe anadabwa, tinkati ndi ntchito. Koma sukulu zinatsegulira, mayunifolomu anatha, iye tulo osabwera. Ankayankhula osapumira, nkhani iyi asanaimalize walumphira ina, akuti chaka chino agula lole, akuti atsegula fakitale ya zovala ku Limbe. Tsiku lina anagawira ana odutsa nsalu za makasitomala. Mkazi wake atamufunsa, anaswa wailesi.

Pabwalo pa amalume panakhala msonkhano. Agogo anati walodzedwa, anzake apamsika akumuchitira nsanje. Wina anati ndi chamba, ngakhale palibe anamuonapo akusuta. Winanso ananong'ona kuti anakakhwimira bizinesi ndiye waphonya chizimba. Mawu oti chipatala atangotuluka, mayi ake anagwetsa misozi: "Mwana wanga asapite ku Zomba." Ndiye tinayenda naye miyezi itatu, kwa mneneri, kwa sing'anga, kwa mneneri wina. Mbuzi ziwiri zinapita. Pamapeto pake anali womangidwa chingwe m'nyumba ya amalume, mikono ili zilonda. Titatopa m'pamene tinakwera naye galimoto kupita kuchipatala chachikulu cha m'boma lathu. Anagonekedwa masiku angapo, anamubaya jakisoni, anamuyambitsa mapiritsi. Ku Zomba sanapondeko. Lero ali pakhonde paja, akusoka.

Miyezi itatu ija imandiwawa mpaka pano, chifukwa chimene chinatichedwetsa sichinali mtunda kapena ndalama. Chinali chithunzi chimene ambirife tinakula nacho, choti munthu mutu ukamusokonekera malo ake ndi amodzi okha, ku Zomba, ndipo wopita kumeneko dzina lake laipa mpaka kumanda. Ndikulemba izi kuti banja lina lisayende njira yathu ija.

Si misala yokha

Tikamva za matenda a maganizo, maso athu amaona munthu wansanza wotola zotayidwa pa depoti. Alipo ndithu, ndipo nayenso ndi mwana wa munthu, koma otere ndi ochepa pagulu lonse la ovutika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko anali ndi vuto lina la maganizo. Ambiri mwa iwo amadzuka, kusamba, kupita kumunda kapena kuntchito, ndipo mukawapatsa moni amayankha kuti "tili bwino, kaya inu."

Ofala kwambiri ndi awiri: nkhawa yopitirira muyeso, ndi matenda okhumudwa amene achipatala amati depression. Ife timangoti munthu akuganiza kwambiri. Kukhumudwa masiku angapo chifukwa cha mayeso kapena mkangano si matenda. Achipatala amatchera khutu zikapitirira masabata awiri, tsiku ndi tsiku: zimene munthu ankakonda sizimukomeranso, nsima siilowa, akadzidzimuka 2 koloko usiku tulo sitibweranso, amadziona wachabechabe, mwina n'kumaganiza kuti bola kufa. Chovuta n'chakuti kwathu kuno matendawa kawirikawiri amayankhulira m'thupi. Munthu sanena kuti ndakhumudwa. Amati mutu ukutentha pakati, mtima ukuthamanga, thupi lonse laphwanya. Apita kuchipatala, amuyeza malungo, sawapeza, amupatsa panado, sabata yamawa wabweranso. Ena ayenda chonchi chaka chathunthu, kabuku ka kuchipatala kudzaza, vuto lenileni osatchulidwa ngakhale kamodzi.

Pali matenda ena amene amasokoneza mmene munthu amamvera ndi kuonera zinthu. Amamva mawu a anthu amene palibe, amakhulupirira kuti m'chakudya mwathiridwa poizoni kapena kuti wailesi ikunena za iye, amadzipatula, amasiya kusamba. Awa amati psychosis, ndipo mtundu wake wokhalitsa wodziwika kwambiri ndi schizophrenia, umene umakonda kuyamba munthu ali mnyamata kapena mtsikana. A msuweni wanga anali ena, otchedwa bipolar: nyengo ina munthu amakwera, mphamvu zosatha, osagona, mapulani ambirimbiri, nyengo ina amagwa, osafuna ngakhale kutuluka m'chipinda. Mayi amene wangobereka kumene naye angathe kukhumudwa kwambiri, kapena kusokonezeka mwadzidzidzi m'masabata oyambirira, ndipo ife timathamangira kumunena kuti ndi waulesi kapena sakonda mwana. Ndiye pali mabala osaoneka. Mwa amene anaona matope a namondwe wa Freddy akukokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Marichi 2023, alipo amene mvula ikayamba kugunda pamalata mtima umadumpha ngati ndi tsiku lomwe lija. Zimachitikiranso wogwiriridwa, ndi wopulumuka pangozi ya pamsewu. Mowa ndi chamba zikafika poti munthu akufuna kusiya koma akulephera, nazonso ndi matenda. Khunyu ndi matenda a ubongo, osati a maganizo kwenikweni, koma m'zipatala zathu amathandizidwa pakhomo lomwelo, ndipo sapatsirana, ngakhale mutakhudza thovu.

Chimodzi ndikufuna chikhale m'mutu mwa aliyense. Munthu amene dzulo anali bwinobwino, lero wasokonezeka, sakudziwa komwe ali, thupi latentha, khosi lauma, kapena akukomoka, musamuyese wamisala ndipo musamutengere kuphiri kukapemphera. Malungo aakulu, meninjaitisi, shuga wotsika, HIV imene yafika ku ubongo, kuvulala m'mutu, zonsezi zimasokoneza munthu ndipo zingaphe m'masiku ochepa. Chimodzimodzi munthu wozolowera kachasu tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi: pakatha masiku awiri kapena atatu angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona tizilombo pakhoma. Amenewa ndi a kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena masana.

Mukagogoda kuti

Zipatala za boma zinasanjidwa ngati makwerero, ndipo matenda a maganizo amakwera makwerero omwewo monga matenda ena onse. Pansi pali alangizi a zaumoyo, ma HSA amene timawadziwa pa sikelo ya ana. Iwo sapereka mankhwala a maganizo, koma amadziwa tsiku limene namwino wa kuboma amabwera. Kenako chipatala chaching'ono cha m'dera, kumene angakuyezeni, kukuyambitsani thandizo kapena kukulemberani kuti mupite kuboma. Pachipatala chachikulu cha m'boma m'pamene pamapezeka namwino kapena clinical officer amene anaphunzira za matenda a maganizo okhaokha. Munthu ameneyu ndiye msana wa ntchito yonseyi m'Malawi muno, chifukwa madokotala aakulu a matenda amenewa ndi owerengeka m'dziko lonse, ngakhale yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ikuphunzitsa ena. Ku Blantyre, chipatala cha Queens chili ndi kiliniki yake, yodziwika kuti Room 6. Ku Mzuzu, abale a mpingo wa Katolika a St John of God anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1990. Ali ndi malo ogonekera odwala, amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo koleji yawo ndi imene yaphunzitsa ambiri mwa anamwino, ma clinical officer ndi aphungu amene mungakumane nawo m'maboma. Ku Lilongwe alinso ndi chipatala. M'zipatala za boma thandizo ndi laulere. Kwa a mishoni ndi olipira, yambani mwafunsa za malipiro.

Mzere umakhala wautali, adokotala ali ndi mphindi zochepa, ndiye mawu anu oyamba ndi ofunika kwambiri. Mukayamba ndi mutu ndi msana, mudzatuluka ndi panado. Nenani chenicheni: "Adokotala, watha mwezi ndisakugona, ndikuganiza kwambiri, chakudya sichikulowa." Ngati maganizo odzipha amakubwererani, anenedwe pomwepo. Ndipo si chipongwe kufunsa kuti, "Kodi ndingaonane ndi namwino woona za maganizo?" M'makiliniki ena, makamaka a ma ARV ndi a shuga ndi BP, amagwiritsa ntchito mafunso 9 otchedwa PHQ-9, amene anamasuliridwa m'Chichewa, ofunsa mmene mwakhalira masabata awiri apitawo.

Tengani kabuku ka kuchipatala, ndi mankhwala alionse amene wodwalayo akumwa, ma ARV, olera, ngakhale a zitsamba. Musachite manyazi kunena kuti munadzera kwa sing'anga. Anamwino amadziwa kale kuti ambiri amadzera kumeneko. Gadiyani akhale munthu amene wakhala naye pakhomo, osati wachibale wa m'tauni amene wangobwera ndi galimoto, chifukwa mafunso ake ndi a tsiku ndi tsiku: zinayamba liti, amagona maola angati, amamwa mowa wochuluka bwanji, kumtundu alipo amene anadwalapo chonchi, ngati ndi mayi, ali ndi pakati kapena akuyamwitsa. Angamuyeze malungo, HIV, shuga ndi BP kuti atsimikize kuti si thupi limene layambitsa. Ife tinatuluka tikung'ung'udza kuti sanamujambule mutu. Pambuyo pake ndinamvetsa: palibe X-ray kapena magazi amene amaonetsa depression kapena bipolar. Chida chachikulu ndi mafunso aja, ndi zimene gadiyani waona ndi maso.

Nanga wodwala akamakana, kapena akamachita ukali? Apa m'pamene tinalakwitsa kwambiri. Tinamuzungulira amuna asanu, iye n'kuona ngati nkhondo, ndipo anamenyana nafe monga mmene aliyense angachitire. Chothandiza n'chakuti khamu lichoke, mipeni ndi makasu zibisidwe, atsale munthu mmodzi amene amamukhulupirira, woyankhula motsitsa mawu. Musatsutsane naye za mawu amene akumva, kwa iye ndi enieni, gwirani pamene mungagwirizane, monga kuti "mwatha masiku osagona, tiyeni akatithandize tulo." Zikakanika, pemphani a HSA, amfumu kapena apolisi akuthandizeni kumufikitsa kuchipatala. Kukwapula sikuchotsa matenda, ndipo unyolo umasiya chilonda chimene wodwala amachikumbukira atachira. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Msuweni wanga ali pachingwe ankanena mobwerezabwereza kuti dzanja lachita dzanzi, ife osamumvera, ndipo ankanena zoona.

Mantha a Zomba ali ndi gwero lake. M'nthawi ya atsamunda, kuyambira mu 1910, odwala misala ankasungidwa m'chigawo cha ndende ya Zomba, ndipo chipatala chimene tikuchidziwa lero chinatsegulidwa mu 1953. Lamulo limene linayendetsa nkhanizi kwa zaka zambirimbiri linalembedwa mu 1948. Agogo athu sananame pamene ankaona kumeneko ngati kundende, poti kunayambira kundende. Koma lero Zomba Mental Hospital ndi chipatala chotumizirako amene kuboma zakanika, monga mmene wothyoka kwambiri amatumizidwira ku Queens. Ambiri amakhalako masabata angapo n'kubwerera kwawo, kumakalandira mankhwala pachipatala cha kufupi.

Za mankhwala, zimene anthu sauzidwa mokwanira

Ndaona kuti ambiri amafika kuchipatala bwinobwino, n'kudzagwera pamankhwala. Tinazolowera LA wa malungo: masiku atatu, watha, wachira. Mankhwala a maganizo sayenda choncho.

A depression amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Samveka tsiku loyamba kapena sabata yoyamba. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposerapo, kuti munthu ayambe kupepukidwa, pamene zovuta zake zimabwera msanga: amitriptyline amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku, fluoxetine angachititse nseru masiku oyamba. Ndiye munthu amaona zoipa zokhazokha, zabwino zisanafike, n'kutaya mapiritsi. Winanso amapirira, n'kupeza bwino pakatha miyezi iwiri, n'kusiya poti wachira. Matenda amabwerera. Mankhwalawa amayenera kupitirizidwa miyezi yambiri munthu atapeza kale bwino, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono mouzidwa ndi achipatala.

Kwa amene akumva mawu kapena asokonezeka kwambiri pali chlorpromazine, haloperidol, ndi risperidone kumene akupezeka. Kwa woiwalaiwala kapena wotopa ndi mapiritsi pali jakisoni wa fluphenazine, wobaya kamodzi pa masabata angapo. Mankhwalawa ndi amene anabala mphekesera yoti kuchipatala amapusitsa anthu. Mwamuonapo munthu akuyenda mouma, manja akunjenjemera, dovu likutuluka, mwina khosi litapindika ndi maso atayang'ana kumwamba. Amenewo si matenda akukula ayi, ndi mphamvu ya mankhwala, ndipo ili ndi yankho: kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kuwonjezera piritsi lina lotchedwa benzhexol, limene ambiri amalidziwa kuti Artane. Chofunika ndi kubwerera kukanena, osati kusiya mwakachetechete. Womwa chlorpromazine khungu lake limapsa msanga ndi dzuwa, ndiye chipewa ndi malaya a manja aatali n'zofunika polima.

A bipolar ndi a khunyu nthawi zina amafanana: carbamazepine ndi sodium valproate, komanso phenobarbitone kwa a khunyu. Apa amayi amve bwino. Sodium valproate angavulaze mwana ali m'mimba, choncho mtsikana kapena mayi aliyense amene angatenge pakati akambirane ndi adokotala asanayambe, ndipo amene akumwa kale asasiye yekha, apite akafunse. Carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera ndi zolera zoika pamkono, komanso amachepetsa mphamvu ya ma ARV ena, kuphatikizapo dolutegravir amene ambiri akumwa masiku ano. Ichi n'chifukwa chake ndati mutenge mankhwala onse pokaonana ndi adokotala. Diazepam, mankhwala okhazika mtima pansi, ndiye woyenera kumuopa kwambiri pa nkhani ya kuzolowera. Amathandiza masiku ochepa, koma wogula m'mafamase kuti azigonera usiku uliwonse amapezeka wakodwa. Ambiri mwa enawa sachititsa chibaba chotero.

Kodi ndi a moyo wonse? Kwa ena ayi. Wodwala depression kamodzi angamwe, kuchira, kusiya, osadwalanso. Kwa ena, monga msuweni wanga, ndi ulendo wautali ngati wa BP kapena shuga. Iye anasiyapo kamodzi, chaka chachiwiri, mnzake atamuuza kuti munthu wopemphera samwa mapiritsi. Pasanathe miyezi iwiri tulo tinathawanso.

Kuyankhula ndi mankhwalanso

Si aliyense wofunika piritsi. Kwa nkhawa ndi kukhumudwa kosafika patali, uphungu pawokha umachiza, ndipo kwa odwala kwambiri umayenda limodzi ndi mankhwala. Koma mawu oti uphungu tiwasiyanitse ndi malangizo. Malangizo tili nawo ambiri: ankhoswe, anamkungwi, akulu a mpingo, onse amakukhazika pansi n'kukuuza chochita, ndipo mawa mudzi wonse wamva. Phungu wophunzira amamvetsera kwambiri kuposa kuyankhula, saweruza, ndipo amasunga chinsinsi, pokhapokha moyo wako kapena wa wina uli pachiswe.

Chitsanzo chabwino chili kwa anansi athu ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anataya wodwala wake amene anadzipha atasowa ndalama ya basi yobwerera kuchipatala ku Harare. Mu 2006 anayambitsa Friendship Bench ku Mbare: benchi yathabwa panja pa kiliniki, pokhala agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera. Vuto limene amathandiza amalitcha kufungisisa m'Chishona, ndiko kuganiza kwambiri kwathu komwe kuja. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira thandizo la masiku onse. Njirayi inafikanso kuno, ndipo yagwiritsidwapo ntchito m'makiliniki ena, monga a ma ARV ku Lilongwe.

Mmene imayendera n'zosavuta kumva. Tinene kuti mayi wabwera: bambo anapita ku Joni, foni anasiya kuimba, ngongole ya banki m'khonde yakwana, mwana wathamangitsidwa fizi, apongozi akumunena. Zonsezi m'mutu mwake zaunjikana mulu umodzi, n'chifukwa chake sagona. Phungu amamulola kukhuthula zonse, kenako amazitchula chimodzichimodzi, n'kumufunsa kuti mwa izi n'chiti chimene angayambe nacho sabata ino. Osati chachikulu, koma chotheka. Mwina asankha fizi. Aganizira limodzi njira zingapo, iye yekha asankha imodzi, kuti Lachiwiri akaonana ndi ahedi kukapempha kulipira pang'onopang'ono. Sabata yamawa abwera kudzanena mmene zayendera. Amakumana chonchi kokwana kasanu ndi kamodzi. Ngongole siinathe, bambo sanabwere, koma munthu amene anauma manja wayambanso kugwira kanthu, ndipo tulo timayambira pamenepo.

Aphungu amapezeka m'zipatala, kwa St John of God, m'makoleji ena, ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma. Wochitidwa nkhanza kapena wogwiriridwa apite ku Chikwanekwane, malo a m'zipatala zina kumene achipatala, apolisi ndi aphungu amapezeka pamodzi, kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Pafoni, bungwe la YONECO limayendetsa manambala aulere: 116 ya ana ndi 5600 ya ochitidwa nkhanza. Chipatala cha pa Foni, 54747, chingakuuzeni koyambira. Palinso bungwe la odwala ndi owasamalira lotchedwa MeHUCA, kumene munthu amakumana ndi anzake odziwa kulemera kwa katundu yemweyo. M'mizinda muli akatswiri olipira. Chenjezo langa ndi limodzi: masiku ano aliyense wokhala ndi tsamba pa Facebook angadzitche phungu. Funsani kumene anaphunzira, ndipo wolonjeza kuchiza misala m'sabata imodzi mumuthawe.

Za mapemphero ndilankhule mosabisa, poti ndine wopemphera. Sindiona chifukwa chosankhira pakati pa guwa ndi chipatala. Abusa amene anatithandiza kwambiri ndi amene anabwera kuwodi, kupemphera naye, n'kumuuza kuti "mwanawe, uzimwa mankhwala." Mpingo umapereka zimene chipatala chilibe: anthu okuyendera, kwaya yokudikira, amayi obwera ndi ufa. Pamene ndimakana ndi pamene munthu wa Mulungu alamula kutaya mapiritsi, kusala kudya masiku ambiri kwa wodwala wofooka kale, kumanga unyolo, kapena kuloza gogo wina kuti ndiye mfiti. Kumeneko banja limabwerako ndi matenda omwe aja, kuwonjezapo udani.

Munthu akanena za kufa

Apolisi akamatulutsa chiwerengero cha odzipha, ambiri amakhala amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Sindidabwa. Tinamulera mwana wamwamuna ndi mawu oti mwamuna salira, ndiye katapila akamufinya, ntchito ikatha, amapita nazo kumowa kapena kuzisunga mumtima. Pamaliro timati "sananene kanthu," koma nthawi zambiri ananena, ife sitinamve: "ndatopa nawo moyo," "mudzasamale ana anga," kubweza zinthu zobwereka, kugawa katundu, kutsanzika mosadziwika bwino, kapena kudekha kwadzidzidzi atavutika nthawi yaitali.

Mufunseni mwachindunji. "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funso lotere limaika maganizowo m'mutu mwa munthu. Siliika. Kwa ambiri limakhala mpumulo kuti wina waona. Akavomera, musamukalipire, musamulalikire za gehena, musamuuze kuti ena akuvutika kuposa iye. Khalani naye, asatsale yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe, ndi mapiritsi ochuluka. Ngakhale mankhwala ake omwe asunge gadiyani n'kumamupatsa a tsiku limenelo. Izi si zazing'ono, chifukwa mphindi yoopsa ija imadutsa, ndipo ngati chodzivulazira sichili pafupi munthu amafika m'mawa. Mukatero mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Amene wamwa kale kanthu musamumwetse mkaka kapena kumusanzitsa. Thamangani naye, mutatenga botolo kapena pepala la chimene wamwacho. Ndipo wopulumuka asalandiridwe ndi chitonzo, poti masabata otsatira ndi amene amafuna anthu kwambiri.

Kwa abale amene ali kunja, makomo aliponso. Ku Zambia chipatala chachikulu cha matendawa ndi Chainama Hills ku Lusaka, koma nakonso koyambira ndi kiliniki ya pafupi. Ku South Africa, kumene anyamata athu ambiri akukhala m'tizipinda ta malata kutali ndi mayi awo, kuli bungwe la SADAG, ndipo nambala yawo ya amene akuganiza zodzipha ndi 0800 567 567. Ku Britain muyambire kwa GP, dokotala wanu wa m'dera, ndipo a bungwe la Samaritans amayankha usiku ndi usana pa 116 123.

Sindikufuna kukunamizani kuti njira ya kwathu ndi yosalala. Tinapitapo tsiku la kiliniki n'kupeza namwino wapita kumaliro, wina womulowa m'malo palibe. Tinauzidwapo kuti mankhwala atha, mukagule, pamene ya thiransipoti yomwe tinachita kubwereka. Zimene taphunzira ndi izi: kupita kusanatsale mapiritsi awiri, kufunsa ngati pali ena ofanana nawo pamene omwe aja asowa, kudziwa dzina la mankhwala ndi mlingo wake pamtima, ndi kusinthana ugadiyani, chifukwa mutu umodzi susenza denga ndipo wosamala wodwala nayenso amatopa mpaka kudwala. Mkazi wa msuweni wanga anafika poonda kuposa mwamuna wake tisanazindikire kuti nayenso sakugona.

Pano iye ndi amene amadziwa zizindikiro kuposa tonsefe. Akaona kuti masiku awiri atsatizana mwamuna wake akudzuka pakati pa usiku kukayatsa nyali pa makina, sadikira lachitatu. Kabuku kaja amakasunga m'kabati ya makina osokera, pamodzi ndi singano ndi choko, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala analilemba pachikuto ndi bolopeni yofiira.